Mapazi Khumi ndi Anayi

Ine ntchito yanga inali yotola bango.
Likagwa, ndithamange, ndikwere pamgolo,
ndilisanjike pa misomali iwiri,
nditsike, ndikhale chete.

Mlongo wanga Elube anayambira pakhwawa la kuseri kwa Bembeke
chaka chimene madzi anakokolola ulalo.
Ife tinkazungulira kumsewu, kukafika belu litalira kale.
Iye anadula nsungwi, naizika pakati pa madzi,
diresi atalipisira m'kabudula wanga,
n'kukatera tsidya lija makope ali ouma.

A Zimpita, aphunzitsi a masamu, anamuona ali panjinga.
Sanakalipe. Anangotsitsa mwendo umodzi pansi:
"Iwe, kutali ndakuona. Nanga m'mwamba ungathe?"

Matiresi kunalibe.
Tinkasenza utuchi wa paini kwa ocheka matabwa,
matumba asanu ndi awiri Loweruka lililonse,
kukhuthula padzenje, kusalaza ndi mapazi.
Mpaka lero fungo la utomoni likandipeza
ndimamva msana wake ukufika: phi!

Juni wa ku Dedza sadziwa mwana wa munthu.
Nkhungu itameza phiri, zala zitauma gwa,
iye ankalavulira m'manja, n'kugwira nsungwi
yowamba pamoto wa zitsononkho.
Mapazi khumi ndi anayi.
Ankawerenga ndi milomo yokha.
Lomaliza silinali la pansi pano ayi:
miyendo kumwamba, mutu kuyang'ana kumene wachokera,
ndipo kwa kanthawi kosakwana kuphethira
mwana wa amayi anga analibe kulemera.

Ku Lilongwe anamubwereka ndodo ya eni,
yosalala, yopindika ngati uta.
Anabwerako akuseka, chigongono chili ndi bala:
"Nsungwi imakunyamula, achimwene.
Ijayi imakulavula."
Mamita atatu kuperewera chikhatho chimodzi.
Anampatsa mendulo ndi ambulera.
Ambulera tinagwiritsa zaka zinayi.

A Zimpita anatiuza tsiku lina, akupukuta choko m'manja,
kuti masewera amenewa alibe chifundo:
ukadutsa amakweza, ukadutsanso amakwezanso,
mpaka ugwetse katatu.
Ngakhale wopambana amapita kwawo atalephera.
Ndinkayesa akunena za bango.

Kalata yomuitanira kunja inagona ku positi ofesi milungu isanu.
Pofika kwathu, anzake anali atapita ndi kubwerako.
Chaka chotsatira nsungwi inathetheka ali pakati pa ulendo,
ndipo utuchi, mvula itaugwera, unali utalimba ngati chulu.
Kakolo analira tonse tikumva.
A Zimpita anasamutsidwira ku Mayani.
Padzenje paja anadzalapo kabichi.

Sindinena kuti dziko linamulakwira.
Iye sanena choncho, ine ndine yani?
Ali ndi ana atatu, dimba, nyumba ya malata,
mendulo ili m'chitini cha mabatani.
Nsungwi yotsala amagwetsera mapichesi.

Koma pitani pamphambano ya Bembeke madzulo,
pamene basi ya ku Blantyre imaima mosafuna.
Amayi onse amathamangira mawindo,
mbale za kachewere zili pamutu.
Muone wa chitenje chobiriwira, wotsimphina pang'ono.
Sathamanga ndi gulu.
Amabwerera m'mbuyo kaye, n'kuima,
phazi lamanzere kutsogolo.
Kenaka amanyamuka.

Onani milomo yake.

Pa khumi ndi anayi ndendende amakhala ali pawindo,
manja onse m'mwamba, mbale itapitirira mbale zonse,
zidendene zitasiya dothi.
Wapaulendo amangoona mbatata yotsuka bwino
n'kuyamba kunenerera mtengo.

Ine ndimaima kutsidya kwa msewu ndi njinga yanga ya kabaza,
ndipo manja angawa, opusa,
amakonzekabe kutola bango
limene silinagwe.